Ndikusaka za mazira a nsato koma Google ikundipatsa za makompyuta, thandizeni

Bambo a Yami: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndithandizeni chonde ndisanamenyetse foni kukhoma. Mwana wanga amupatsa ntchito kusukulu kuti alembe za nsato, makamaka mmene imaikira mazira ndi kuwasamalira, nde ine podzimva kuti ndine bambo odziwa zinthu ndati bwera kuno tisechere limodzi. Ndalemba python eggs pa Google. Abale inu zomwe zabwerazo theka lonse ndi za ma code, ati setuptools kaya chani, mwana akungondiyang'ana ine thukuta lili kamukamu. Kodi pali njira youzira chinthuchi kuti ndikufuna njoka osati za makompyuta?

Kondwa_M: kkkkkk ulemu wa bambo wathera pa mazira

Chiso IT: Aaa bambo a Yami mwaponda pamene pali msampha weniweni kkk. Python ndi dzina la chilankhulo cholembera mapulogalamu chija anayambitsa Guido van Rossum, chinatuluka 1991, nde tsoka lake mchilankhulo chimenechi mulinso chinthu chotchedwa egg, ndi kapakidwe kakale ka mapulogalamu, fayilo yake imathera ndi .egg. Mawu onse awiri mwalembawo ndi athu a ma code. Chitani chonchi, lembani python eggs -programming. Ka mayinasi kamauza Google kuti peji iliyonse imene ili ndi liwu limenelo isabwere.

Bambo a Yami: Ndayesa achimwene koma zafika poipa, pano nde za ma code zachuluka kuposa poyamba

Chiso IT: Kopani zimene mwalembazo muponye pano tione

Bambo a Yami: python eggs - programming

Chiso IT: Ndinadziwa. Mwasiya sipesi pakati pa mayinasi ndi liwulo. Kayenera kumamatira, -programming, sipesi ikhale musanalembe mayinasi basi osati pakati pa mayinasi ndi liwulo. Mukakasiya payokha Google imangokataya ngati kachitsotso nkutenga programming ngati liwu lina lomwe mukulifuna, ndiye kuti mwaitana dala chomwe mumathamangitsa

Sisi Thoko: iii ine zaka zonsezi ndimaika sipesi nkumati zinthuzi ndi zabodza sizigwira 😭

Aphunzitsi Opuma: Ana inu, chizindikiro mukuchitcha mayinasicho ife m'kalasi la Chichewa tinkati kamdulamawu, ndipo zija mumati ma kotesheni ndi mitengero. Koma ndifunse, bwanji osangoika chophatikizira? Kale ndikuphunzira intaneti tinkagwiritsa ntchito AltaVista posaka zinthu, ndipo lamulo linali losavuta: liwu lomwe ukulifuna uliikire + kutsogolo, lomwe sukulifuna uliikire -. Bambo a Yami alembe +python +snake +eggs, nkhani yatha.

Chiso IT: Ulemu wanu madala koma pulasi pa Google inafa kalekale. Anaichotsa mu October 2011, nthawi imene anali atangoyambitsa Google+ ija imapikisana ndi Facebook, chizindikirocho ankachifuna pa zimenezo. Google+ yomweyo inadzatsekedwanso 2019 koma pulasi sinabwerere. AltaVista yanuyo nayo anaitseka 2013. Pano mukafuna kukakamiza liwu kuti lipezeke mumalitsekera mu mitengero yanu ija, "snake", olo likhale liwu limodzi lokha

Aphunzitsi Opuma: Ndiye kuti zaka zoposa khumi ndakhala ndikuika pulasi pachabe? Palibe anandiuza.

Kondwa_M: madala mumayendetsa galimoto yopanda injini koma imayendabe poti ndi kotsetsereka kkkk

Mai a ku Laibulale: Ndalowa mochedwa koma ndiikepo langa, poti izi ndi zomwe ndimakangana nazo ndi ana asukulu tsiku ndi tsiku. Mayinasi ndi wabwino koma anthu mumamuthamangira msanga. Vuto lake ndi ili, iye sadziwa kuti peji ikukamba za chani, amangoona ngati liwulo lilipo kapena ayi. Mukalemba -programming mapeji ambiri a ma code adutsabe chifukwa si onse amene analemba liwu loti programming, ena analemba package, ena install, ena library, nde mudzayamba kuthamangitsa limodzilimodzi mpaka dzuwa kulowa. Komanso mbali inayo ndi yoopsa kwambiri, mukalemba -code mutha kutaya peji yabwino kwambiri ya za njoka chifukwa choti pansi penipeni pa pejiyo pali ka mzere ka code of conduct kapena bokosi lofunsa zip code, ndipo simudzadziwa nkomwe kuti mwataya kanthu poti chotayikacho sichioneka. Ine ndimawauza ana kuti usanachotse yamba wawonjezera. Dzifunse kuti munthu amene analemba peji yomwe ndikuifunayo anagwiritsa ntchito mawu ati amene wa ma code sangawalembe olo atalota. Wa za njoka alemba clutch, alemba incubation, alemba female coils, alemba hatchlings. Ndiye bambo a Yami yesani python clutch incubation, popanda mayinasi aliyense. Ndipo mukafuna kumenya pamutu penipeni lembani dzina la sayansi mu mitengero, "Python sebae", imeneyo ndi nsato ikuluikulu ya mu Africa, kapena "Python natalensis" ya chakummwera. Palibe wa makompyuta amene analembapo sebae.

Bambo a Yami: Mayi inu Mulungu akudalitseni. Ndalemba "Python sebae" eggs incubation nde njoka zokhazokha mpaka mwana wakuwa ataona chithunzi kkk. Ati yaikazi imadzikulunga pa mazira mpaka aswe, ine ndimayesa njoka zimangoikira nkuthawa

Chiso IT: Mai a ku Laibulale akunena zoona koma musamunyoze kwambiri mayinasi wanga, pali pomwe palibe chomuposa. Mwachitsanzo mukusaka zithunzi nde paliponse pakungobwera Pinterest, ukadina akuti lowa kaye mu akaunti. Pamenepo ndimangolemba -site:pinterest.com nkupuma. Apa sukuchotsa liwu koma webusaiti yathunthu nde ngozi yotaya peji yabwino chifukwa cha ka liwu kobisala pansi palibe

Mai a ku Laibulale: Pamenepo tikugwirizana achimwene. Kuchotsa webusaiti umadziwa chomwe wataya. Ndi kuchotsa liwu komwe ndimakuopa.

Nachisale: Ine langa ndi lina. Zonsezi mukukamba ndi za chizungu, nanga ife timasaka mChichewa? Ndikalemba liwu ngati nyumba kapena mpira zimabwera ndi za Chiswahili zokhazokha, tsiku lina ndinalemba moto ndikufuna miyambi ya moto zinabwera njinga zamoto za ku Italy ndi mafoni a Motorola mxiii

Kondwa_M: walira mvula walira matope, walemba moto walandira Motorola

Mai a ku Laibulale: Kkkk a Kondwa inu. Achemwali a Nachisale, njira ndi yomweija, ponyanimo liwu limene ndi lathulathu loti mu Chiswahili mulibe koma mu nkhani iliyonse ya Chichewa silingalephere kupezeka. Ine ndimakonda "chifukwa" nthawi zina "zomwe". Yesani moto mwambi "chifukwa". Zikakanikabe ndiye mayinasi alowe, koma musankhe liwu la Chiswahili lomwe ife sitiligwiritsa ntchito, ngati -katika kapena -sana. Musayerekeze kulemba -kwa kapena -wa chifukwa amenewo ndi athu tonse, muchotsa ndi Chichewa chomwe.

Nachisale: -katika yagwira!! koma ndiye zachepa zotsatira zake, mapeji ochepa okha

Mai a ku Laibulale: Zimenezo si vuto la kasakidwe kanu, zolembedwa mChichewa pa intaneti ndi zochepa basi. Nchifukwa chake mChichewa ndimaopa kwambiri kuchulutsa ma mayinasi, kumunda kochepa supalira ndi thalakitala.

Aphunzitsi Opuma: Pali chinanso chomwe ndachiona pa chilankhulo chathu. Ife timamata mawu. Nyumba, kunyumba, panyumba, m'nyumba, kanyumba. Kwa ife ndi liwu limodzi lovala zovala zosiyana, koma makinawa amaona ngati mawu osiyana. Tsiku lina ndinatsekera "sukulu" mu mitengero ndipo nkhani yomwe ndinkaifuna sinabwere, kenaka ndinadzaipeza, wolembayo analemba kusukulu monsemo.

Chiso IT: Eya madala apo mwalasa. Pa chizungu Google imadziwa yokha kuti run, running ndi ran ndi pachibale, imakubweretserani onse, koma mukaika mitengero mwaiuza kuti ndikufuna ichi chenichenicho osasintha olo chilembo. Mankhwala ake ndi OR, koma ikhale ya zilembo zazikulu, mukalemba or yaing'ono imatengedwa ngati liwu wamba. Nde mulembe "sukulu" OR "kusukulu" OR "pasukulu". Chimodzimodzi pochotsa, -nyumba sichotsa peji yomwe yalemba kunyumba, muyenera kuwatchula onse

Sisi Thoko: nde munthu ulemba mpaka chala kutupa

Chiso IT: Komanso pali malire sisi, Google imawerenga mawu 32 okha, opitirira apo imangowasiya. Koma ukaona wafika ku 32 dziwa kuti wasochera kalekale kkk

Kondwa_M: Ine funso langa ndi lakuti bwanji mukuvutika chonchi mu nthawi ya AI? Ndimangofunsa ChatGPT ngati ndikucheza ndi mnzanga, palibe za mayinasi palibe za mitengero ya madala

Mai a ku Laibulale: Funsani ndithu, nanenso ndimafunsa. Koma mwana wa bambo a Yami aphunzitsi akamufunsa kuti izi wazitenga kuti ayankha chani? AI imatha kukuyankha mokoma ndi molimba mtima zinthu zoti kulibe, nde ukafuna kutsimikiza umabwereranso konkuno kudzasaka peji yeniyeni. Ndipo pali zinthu zina zomwe umafuna chikalata chenichenicho osati wina akufotokozere, lipoti, fomu, malamulo, buku la kagwiritsidwe ntchito ka makina. Pamenepo filetype:pdf ndi site: palibe chowaposa. Mwachitsanzo snakebite site:who.int filetype:pdf ikupatsani zikalata za bungwe la zaumoyo padziko lonse zokhazokha.

Kondwa_M: chabwino mayi ndagonja pang'ono, pang'ono pokha

Sisi Thoko: Funso, nthawi zina ndikasecha pansi pa zotsatira pamalembedwa Missing kenako liwu langa lina atalikhwatcha mzere pakati. Zimatanthauza chani? ndimakwiya nazo bwanji, ndalemba ndekha liwu wina nkundichotsera

Chiso IT: Ndi zomwezo, Google yaganiza kuti ikudziwa kuposa inu nde yabweretsa peji yopanda liwu limenelo. Pambali pake pamakhala ka linki koti Must include kapena Show results with, mukadina imangoliika liwulo mu mitengero. Zinayamba kukula pomwe anayamba kuyesa kumva tanthauzo la funso mmalo mongofananiza mawu, kudzera mu njira zake zatsopano zotchedwa Hummingbird 2013, RankBrain 2015, BERT 2019, zonsezo. Kwa munthu wofunsa funso wamba zimathandiza koma kwa ife osaka error message kapena nambala ya sipeya zimapweteka mutu. Ngati simukufuna kuti ikuganizireni pitani pa Tools, pomwe palembedwa All results musinthe muike Verbatim, imeneyo inabwera November 2011 anthu atadandaula za pulasi ya madala ija. Imasaka mawu anu mmene mwawalembera osakonza sipelo osaika ofanana nawo

Nachisale: Verbatim imeneyo nde yanga, chifukwa ndikalemba liwu la Chichewa imathamangira kundikonzera kukhala la chizungu ati Did you mean, ayi sindinatanthauze zimenezo ndikudziwa chomwe ndalemba

Aphunzitsi Opuma: Ndiye ndi mwana wamwano, wokonza akulu pakamwa.

Bambo a Yami: Poti tili pompano ndifunsenso, ine ndimakonza mafiriji. Tsiku lina ndimasaka za firiza yofika -40 nde zotsatira zinali zosokonekera, palibe olo imodzi yotchula 40. Kodi ndi nkhani yomweyi?

Chiso IT: KKKKK eya ndi yomweyo! Munaiuza nokha kuti chotsa peji iliyonse yomwe ili ndi 40. Ikaona sipesi kenako mayinasi kenako kanthu imati ndi lamulo lochotsa. Lembani minus 40 mmawu kapena mutsekere mu mitengero. Ife a ma code zimatichitikira daily, ukasaka lamulo ngati rm -rf umapeza wachotsa rf yemwe ukumufunayo. Koma mayinasi wa pakati pa liwu ngati e-mail kapena Wi-Fi alibe vuto poti kumbuyo kwake kulibe sipesi

Kondwa_M: nde bambo a Yami ndi kasitomala wakale wa vutoli eti

Bambo a Yami: Ndinangotseka foni tsiku limenelo nkunena kuti netiweki yavuta 🙈

Mai a ku Laibulale: Amene zizindikirozi zikukuzunguzani pali peji ya Advanced Search, google.com/advanced_search, ili ndi mabokosi, lina la mawu onse awa, lina la mawu enieni awa, lina la lililonse mwa awa, lina la pasapezeke awa. Mumangodzaza iyo nkukuikirani zizindikiro yokha, ndipo mukayang'ana mu bokosi losakira pambuyo pake mumaphunzira mmene yalembera. Nzeru yake si yatsopano ayi, AND, OR ndi NOT zinachokera kwa George Boole, katswiri wa masamu wa ku England amene analemba za zimenezi mu 1854, kulibe kompyuta kulibe magetsi a mnyumba. Kungoti malo aliwonse ali ndi kalembedwe kake. Pa PubMed, ya ofufuza zachipatala, mumalemba NOT wa zilembo zazikulu. Pa Google NOT sagwira, ndi mayinasi basi. Pa Bing zonse ziwiri zimatheka.

Chiso IT: Ndipo DuckDuckGo ndi ina, iwo amanena okha pa peji yawo yothandizira kuti cats -dogs ikupatsa agalu ochepa, osati kuwachotseratu, ndipo cats +dogs ikupatsa agalu ambiri. Nde madala pulasi yanu kumeneko ikadali moyo

Aphunzitsi Opuma: Basi ndasamukira kumeneko. Andilandire.

Sisi Thoko: Koma ine ndili ndi nkhani yomwe yandikumbutsa zomwe ananena mai a ku Laibulale kuti chotayika sichioneka. Msuweni wanga wina amafuna kugula timapilisi tina tochepetsa thupi tomwe amatsatsa pa intaneti, ine ndinamuuza kuti kasake kaye uone anthu akuti chani. Anabwera nkundionetsa foni ati ona palibe olo mmodzi akudandaula onse akuyamikira. Nditayang'ana mu bokosi muja anali atalemba dzina la mapilisiwo kenako -scam -fake -danger, ati zimandisokoneza ndimafuna ndione ubwino wake kaye. Ndinaseka koma zinandiopsa, munthu wasefa yekha machenjezo onse kenako nkukhulupirira kuti kulibe

Mai a ku Laibulale: Imeneyo ndimaiona ngakhale kwa ophunzira akuluakulu olemba kafukufuku. Amachotsa liwu lomwe likutsutsana ndi mfundo yawo kenaka nkulemba kuti palibe kafukufuku wotsutsa. Ine pa nkhani ya mankhwala, ndalama kapena ntchito zolonjezedwa pa intaneti ndimachita mosemphanitsa, ndimawonjezera dala mawu oipawo, dzina la chinthucho kenako scam OR complaint OR warning, ndione kaye zonyansa zake.

Kondwa_M: msuweni wakoyo anagula?

Sisi Thoko: anagula 😭 nkhani ya tsiku lina imeneyo

Nachisale: Nanga zakale? ndikasaka mmene ndingasinthire setting ina pa foni zimabwera za 2014 mamenyu ake osafanana ndi anga

Chiso IT: Ikani after:2023 kumapeto, kapena tsiku lenileni after:2023-06-01, chaka kaye kenako mwezi kenako tsiku. Iliponso before: yochitira zosiyana. Anaziika 2019. Sizikhala ndendende nthawi zonse poti mapeji ena amasintha deti kuti aoneke atsopano koma zimachepetsa zinyalala. Ndipo mukatopa ndi ma vidiyo, ma AI Overview (mayankho olembedwa ndi AI) ndi mabokosi a mafunso pamwamba paja dinani Web pa mzere wa Images ndi News uja, nthawi zina imabisala pa More, inabwera May 2024, imakupatsani malinki okhaokha ngati kale

Aphunzitsi Opuma: Kodi zimenezi zimagwiranso mu Gmail? Ndili ndi makalata zikwizikwi ndipo ndikufuna imodzi yokha yomwe inali ndi chikalata cha penshoni.

Chiso IT: Zimagwira bwino kwambiri madala, mwinanso kuposa pa Google penipeni poti mu Gmail simuganiziridwa kwambiri. Lembani pension has:attachment, zikachuluka ndi za otsatsa malonda onjezerani -unsubscribe poti makalata otsatsa pafupifupi onse amakhala ndi liwu limenelo pansi. Apa nde ka liwu kobisala pansi kaja kakugwirirani ntchito inuyo. Ngati mukukumbuka amene anatumiza ikani from: kenako dzina lake osasiya sipesi

Mai a ku Laibulale: -unsubscribe ndaikonda, sindinaiganizepo. Koma madala mukapanda kuipeza muichotse muyesenso, maofesi ena amatumiza makalata enieni kudzera mmakina omwewo a otsatsa.

Chiso IT: mayi simutha kungondisiya ndipambane kamodzi kokha kkkk

Aphunzitsi Opuma: Ndaipeza. Inali ya 2021, ndipo mutu wake analemba penshoni osati pension, ndiye poyamba inakana mpaka ndinaika OR monga munanenera. Zikomo ana anga.

Admin: Ndapinira uthenga wa a Chiso wa sipesi ndi wa mai a ku Laibulale wa dzina la sayansi kuti obwera mochedwa asafunsenso. Za mapilisi a msuweni tsegulani ulusi wina.

Bambo a Yami: Ntchito yatha abale, mwana walemba peji imodzi ndi theka ndipo wajambulanso nsato itakulunga mazira, ngakhale ikuoneka ngati payipi. Koma wangondiuza pompano kuti sabata ya mawa ndi za mapulaneti ndipo iye amupatsa Mercury

Kondwa_M: konzekerani ma thermometer ndi magalimoto akale a Ford kkkkk

Bambo a Yami: Ndalemba kale mercury orbit sun crater, sindinaike mayinasi olo mmodzi. Chiso usakwiye

Chiso IT: 😒